Galimoto Ikatentha Pa Chitunda



Lero ndikambe za galimoto zakale zimene zimatinyamulira nandolo ndi odwala kuno ku Phalombe. M'mwezi wa October, pokwera chitunda cha Fort Lister, pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, injini imatentha msanga.

Mukaona nthunzi, imani ndipo muzimitse injini. Musatsegule chivundikiro cha redieta, pakuti madzi owira adzakutenthani kumaso. Dikirani theka la ola. Musathire madzi ozizira m'injini yotentha, chitsulo chingang'aluke. Ikazizira, onani lamba wa fani, ndi mapaipi ngati akudontha. Madzi amatope a m'dambo musawathiremo, amatseka timipata ta redieta.

Injini ikamanjenjemera galimoto ili chiimire, kawirikawiri ndi fumbi m'sefa ya mpweya, kapena mwaye pa mapulagi.

Koma matenda awiriwa akadza pamodzi, utsi woyera nkumatuluka kumbuyo, oyilo nkumaoneka ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti gasiketi yapsa. Pamenepo musayendenso, itanani makaniko. Gasiketi njotsika mtengo, koma injini ina ingakudyereni ndalama za nandolo wa chaka chonse.