Nyimbo za Makolo m'Makina a Achinyamata

Nkhani ya lero ndi ya luso limene lafala pakati pa achinyamata ojambula nyimbo m'timasitudiyo ta ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Zingwangwa. Mnyamata amatenga nyimbo yakale, nadulako kachigawo ka masekondi owerengeka, kaya ndi kulira kwa bangwe kapena mawu a gogo wopolokoza. Kachigawoko amakaika mu kompyuta kuti kazibwerezabwereza, ndipo pamwamba pake amamangapo nyimbo yatsopano.

Kodi mawu akalewo achokera kuti? Mu 1950, 1957 ndi 1958 Hugh Tracey anayendera midzi ya dziko lino, pamene linali kutchedwa Nyasaland, najambula oyimba bangwe, kalimba ndi nyimbo za pamtondo. Zojambulazo zisungidwa ku South Africa, m'nkhokwe ya International Library of African Music imene iye anakhazikitsa mu 1954, ndipo lero ili pa Rhodes University. Mu 2016 akatswiri osakaniza nyimbo ochokera m'maiko osiyanasiyana anadula zigawo za nyimbozo natulutsa chimbale chotchedwa Beating Heart Malawi. Motero mawu a anthu amene ambiri a iwo anatisiya kale anamvekanso m'malo ovinira a ku London.

Ena anyoza luso limeneli nati ndi kuba chabe. Komatu kubwereka si kwachilendo mu mzinda wa Blantyre. Daniel Kachamba, amene anabadwa mu 1947, ndi mng'ono wake Donald anaphunzira kwela, kuyimba kochokera ku South Africa, banja lawo likukhala ku Salisbury. Atabwerera ku Chileka anakusula mwa njira yawoyawo, ndipo mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza akuyimba mumzinda muno, nawajambula. Lero palibe amene akana kuti nyimbo za a Kachamba ndi za Amalaŵi. Chimodzimodzinso Patience Namadingo atayimba pamodzi ndi a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu mu 2020, nyimbo ya Linny Hoo inatchuka kunja kwa dziko lino, ndipo ana amene sanawadziwe agogowo anayamba kuwafunsa.

Choncho vuto silili pa kubwereka, koma pa kabwerekedwe. Pali zinthu zitatu zimene aphunzitsi a luso, posonkhanitsa achinyamata m'maholo ndi m'masukulu, ayenera kuwakumbutsa.

Choyamba ndi dzina. Nyimbo iliyonse ili ndi mwini wake, mudzi wake ndi mtundu wake. Wodula mawu a munthu osamutchula amakwirira munthuyo kachiwiri.

Chachiwiri ndi mwambo. Nyimbo ya pamtondo kapena ya paukwati itha kuyimbidwa paliponse. Koma ya kudambwe, ya kutsimba ndi ya pamaliro ili ndi malo ake ndi nthawi yake. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, ndiponso Tchopa mu 2014, chifukwa cha tanthauzo lake pakati pa eni ake. Kompyuta imatola kamvekedwe kokha. Tanthauzo amalidziwa ndi akuluakulu, ndipo ayenera kufunsidwa ntchito isanayambe.

Chachitatu ndi malipiro. Lamulo loteteza ntchito zaluso la 2016 litchinjiriza nyimbo za anthu ndi za makolo zomwe, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti lilongosole za chilolezo. Nyimbo ikapindula, banja la woyimba woyambayo lisamve za phindulo pa wailesi pokha.

Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Mawu amene anagonera pa matepi zaka zoposa 60 akomadi, koma oyimba bangwe ndi kaligo amoyo akucheperachepera. Mnyamata amene ali ndi lamya yojambula mawu asadikire kukawapeza m'nkhokwe za kunja. Apite kumudzi tchuthi chikubwerachi, akagwade pamaso pa agogo ake, akapemphe nyimbo, ndipo akalembe dzina lawo, mudzi ndi tsiku.