Opaleshoni sithera ku fiyeta: zomwe tinakambirana ku Zomba



Ambirife tikamva za opaleshoni ya uchembere timaopa mpeni. Lero tikambe za munthu amene amaima kumutu kwathu, wopereka mankhwala ogonetsa ndi ochititsa dzanzi. M'zipatala za boma, ngati cha Zomba Central, ntchitoyi kawirikawiri amaigwira ma clinical officer omwe anaiphunzira mwapadera.

Pobereka ndi opaleshoni, ambiri timabayidwa jakisoni wa pamsana wa bupivacaine. Ndi timadzi tochepa, tosadzaza n'kasupuni komwe, koma mlingo wake ndi nkhani yaikulu. Akachuluka, dzanzi limakwera kupitirira pachifuwa, BP imatsika, kupuma kumavuta. Akachepa, timamva ululu opaleshoni ili mkati, ndiye amatigonetsa mwadzidzidzi. Mayi woyembekezera amafunika mlingo wocheperapo poyerekeza ndi mayi amene sali woyembekezera.

Oletsa ululu, monga pethidine ndi morphine, n'chimodzimodzi. Akapyola, munthu amangosinza, mpweya n'kumachepa. Akaperewera, ululu umatikanikitsa kutsokomola, kuyenda ndi kuyamwitsa, ndipo kugona osasuntha kumatha kuundanitsa magazi m'miyendo.

Nanga mlingowo amaudziwa bwanji? Amaona msinkhu, sikelo ndi BP, koma zina zonse amamva kwa ife. Ndiye tisabise, achemwali. Ngati tili pa ma ARV kapena mankhwala a BP, tinene. Ngati timamwa mowa, timasuta chamba, kapena apongozi anatimwetsa mwanamphepo, tinene. Tinadya nthawi yanji? Tinene zoona, chifukwa chakudya chikabwerera munthu ali mtulo chimatha kulowa m'mapapo. Manyazi sangatidzutse pabedi paja.

Mu 2003, Paul Fenton ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa maopaleshoni a uchembere 8,070 m'zipatala za muno m'Malawi. Amayi 85 anamwalira, ndipo ambiri mwa iwo sanafere ku fiyeta ayi. Anafera mu wodi, opaleshoni itatha kale.

Apa mpamene gadiyani amafunika maso. Wodwala akamavuta kudzuka, akamapuma mwapatalipatali, milomo ikasintha mtundu, kapena magazi akamanyowetsa chitenje msangamsanga, thamangirani kwa anamwino pompo. Osadikira kuti kuche. Patapita tsiku kapena awiri, mutu ukamawawa kwambiri pokhala tsonga n'kumaleka pogona, nenaninso. Zimachitika pambuyo pa jakisoni wa pamsana, ndipo chithandizo chilipo.

Tisanasaine fomu ija, tili ndi ufulu wofunsa mwaulemu: "Adokotala, mundigonetsa kapena mundibaya pamsana? Dzanzi likatha, mundipatsa chiyani cha ululu?" Kufunsa si mwano.

Uzani mchemwali wanu amene masiku ake ayandikira, ndi amene adzamudikirire kuchipatala.