Chiyankhulo chimene chimakana kulemba zoopsa

Ambiri mwa inu mukamva za ntchito ya makompyuta mumaganiza za ma app ndi mawebusayiti. Ife lero tikambe za makompyuta osaoneka, obisika m'mabuleki a galimoto, m'zikepe za nyumba zosanja ndi m'ndege. Mapulogalamu ake amatchedwa embedded control software. Foni ikajema mumangoizimitsa n'kuiyatsanso. Ndege ili m'mwamba simungatero.

Pa 4 June 1996, roketi ya Ariane 5 inaphulika pasanathe mphindi imodzi itanyamuka ku Kourou, m'dziko la French Guiana. Pulogalamu yotengedwa ku Ariane 4 inayesa kulowetsa nambala ya ma bit 64 m'malo a ma bit 16, koma sinakwanemo. Makompyuta onse awiri oyeza kayendedwe ka roketi anaima pa chifukwa chomwechi. Ofufuza anapeza kuti chipangizocho sichinayesedwe ndi manambala a ulendo wa roketi yatsopanoyo.

N'chifukwa chake pa ntchitoyi timasamala zinthu ziwiri: chiyankhulo cholembera ndi kayesedwe. Chiyankhulo ngati C chimakulolani kulemba chilichonse, zoopsa zomwe. Pomwe domain-specific language, kapena DSL, ndi chiyankhulo chopangidwira ntchito imodzi basi. Chitsanzo ndi Lustre, chimene Paul Caspi, Nicolas Halbwachs ndi anzawo anapanga ku Grenoble, France, m'ma 1980. Mu Lustre simungalembe pulogalamu yozungulira kosalekeza kapena yopempha memory yowonjezera ili mkati mogwira ntchito. Imawerenga masensa, kuwerengera, kupereka lamulo, n'kuyambiranso, zonse pa nthawi yoikika. SCADE, imene Airbus inagwiritsa ntchito pa mapulogalamu owongolera A380, inachokera ku Lustre. Injiniya amajambula zimene akufuna, ndipo SCADE imatulutsa yokha C yoikidwa m'ndege.

Ubwino wake umaonekera poyesa. Timayamba ndi ndege yoyerekeza ya m'kompyuta, n'kuiponyera mphepo yamkuntho kapena sensa yakufa. Kenako timalumikiza kachipangizo kenikeni ku ndege yoyerekezayo, kamene kamachita zonse ngati kali m'mlengalenga. Cholakwika chikapezeka apa, palibe maliro. Ndi ntchito yosafuna phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinenenso chilungamo: DSL siiganiza m'malo mwa munthu. Mukaiuza zolakwika, idzazichita mokhulupirika. Pamafunika munthu womva bwino zimene injiniya wa mabuleki akutanthauza, n'kuzilemba osapotoza. Ena mwa inu mwamasulirapo mawu a agogo kwa dokotala, ndipo mukudziwa kuti liwu limodzi likasochera, mankhwala amasinthanso. Luso limenelo musalipeputse.

Poyambira pake ndi pafupi. Ngati ku koleji kwanu kuli Simulink, ipempheni. Ngati kulibe, OpenPLC ndi yaulere ndipo mungaphunzirirepo ladder logic, chiyankhulo choyendetsera makina m'mafakitale ndi m'migodi. Lembani kapulogalamu ka maloboti a pamphambano, kenako yesetsani kuti mbali zonse ziyake zobiriwira nthawi imodzi. Mukalephera, mwalemba bwino.