Mkulu Amene Anakana Kutseka Makutu

Madzulo ano tikuuzani mbiri ya munthu wa ku America, dzina lace John Quincy Adams. Iyeyu anali loya, ndiye kuti munthu wodziwa malamulo amene aimira anzace pa milandu.

Adams anabadwa m'caka ca 1767 ku Massachusetts. Atate ace, John Adams, ndiwo anadzakhala Prezidenti waciwiri wa dzikolo. Atatsiriza maphunziro pa sukulu yaikuru ya Harvard, anayamba nchito ya uloya mu mzinda wa Boston mu 1790. Pambuyo pace boma linamtuma kukaliimira ku maiko a ku Ulaya, ndipo mu 1825 nayenso anakhala Prezidenti. Koma pa cisankho ca 1828 anagonja kwa Andrew Jackson.

Ena akadapita kwao kukapuma. Iye ai. Anthu a kwao atamsankha kuti akawalankhulire m'Nyumba ya Malamulo, imene kumeneko amaicha Congress, anabvomera mpando waung'onowo, nayamba nchito mu 1831.

Masiku amenewo ku America kunali ukapolo. Anthu ambiri odana nao anali kulemba makalata a madandaulo kupempha Nyumba ya Malamulo kuti icitepo kanthu. Aphungu a ku zigawo za akapolo anaipidwa, ndipo mu 1836 anaika lamulo lakuti kalata iri yonse yonena za ukapolo isawerengedwe kapena kukambidwa. Adams anati lamulolo likulanda anthu ufulu wodandaula kwa owalamulira. Caka ndi caka anali kubwera ndi makalatawo, anzace nkumamsokosera kuti akhale pansi. Ena mwa makalatawo iye mwini sanagwirizane nao, koma anawapereka ndithu. Anapereka ngakhale kalata yopempha kuti iye yemweyo acotsedwe pa mpando wina umene anali nao m'Nyumbamo. Mu 1842 adani ace anayesa kumpatsa cidzudzulo ca Nyumba yonse, koma analephera. Pa 3 December 1844 lamulo lija linafafanizidwa: aphungu 108 anali mbali yace, 80 anakana.

Pakati pa zaka zimenezi anaimiranso anthu a ku Africa. Mu 1839 anthu 53, obedwa ku dera la Sierra Leone ndi kugulitsidwa ku Cuba, anaukira owasunga m'combo cochedwa Amistad, koma anagwidwa pa gombe la America. Mlandu wao utafika ku bwalo lalikuru mu 1841, Adams, ali ndi zaka 73, anawalankhulira. Bwalo linawamasula, ndipo 35 otsala ndi moyo anabwerera kwao.

Mu February 1848 anagwa ali pa mpando wace m'Nyumba ya Malamulo, namwalira patapita masiku awiri, ali ndi zaka 80.

Tsono inu mafumu, mlimi akadza pa bwalo panu ndi dandaulo la malire a munda, kapena la ng'ombe zimene zamdyera cimanga, mwina mau ace adzakhala owawa, mwinanso adzakhala otsutsa inu amene. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mlekeni anene mpaka atsirize, kuweruza kudze pambuyo. Munthu amene mwamkaniza kulankhula pa bwalo sataya dandaulo lace; apita nalo kunyumba, ndipo tsiku lina lidzabuka ndeu m'mudzi.

Tsalani bwino nonse.