Mzinda Nawo Uphunzitsa Mwana

(Mau amene mphunzitsi wa ku Chunga, Lusaka, analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi)



Ndithokoza kuti mwalola ine wamng'ono kuima pamaso pa inu amene munagwira coko ndisanabadwe. Nkhani yanga ndi ya mzinda wa Lusaka. Kapena wina adzati, ife a kumudzi tiri nawo ciani mzinda? Koma tatsegulani kaundula wanu muwerenge ana amene anacoka ku Katete, ku Petauke ndi ku Chadiza. Ambiri mudzawapeza ku Matero, ku Chawama, ku George ndi kwathu ku Chunga. Mau anga ndi awa: m'mzinda waukuru mphunzitsi saphunzitsa yekha ai. Wokumba ngalande, woika mpopi ndi wocotsa zinyalala agwira nafe nchito ya sukulu, cinkana sanalowepo m'kalasi.

Tiyambe ndi mbiri. Lusaka anakhala likulu m'caka ca 1935, m'malo mwa Livingstone. Professor Stanley Adshead, amene analemba pulani yace mu 1931, anaganizira za maofesi a Boma ndi nyumba za Azungu. Munthu wakuda anayesedwa mlendo wodzagwira nchito ndi kubwerera kwao, cifukwa cace malo a mkazi wace ndi ana ace anacepa. Lamulo la 1948 linayamba kusintha zimenezi, ndipo Matero anamangidwa pambuyo pace. Koma titalandira ufulu mu 1964 anthu anadza ocuruka koposa nyumba, namanga m'mafamu ndi m'mbali mwa maenje okumbamo miyala. Popeza makomboni otere sanali m'lamulo, madzi, miseu ndi sukulu sizinafikeko. Akulu anati walira mvula walira matope: mzinda woitana manja a nchito uyenera kukonzekeranso ana a eni manjawo.

M'caka ca 1974 Boma linaika lamulo lakubvomereza makomboni, nilitenga ngongole ku World Bank. Ku Chawama ndi ku George analambula miseu, naika mipopi, namanga sukulu, ndipo mwini nyumba analandira cikalata cokhalira pamalo pace zaka 30. Cokondweretsa ndi cakuti eni komboni anayenda pamodzi ndi anchito a Khonsolo posankha modzera mseu. Pamenepo munthu wamba anaphunzira kuti mzinda ndi wace. Limenelo ndi phunziro losalembedwa m'silabasi.

Tsono onani cimene cicitika nchito yotere ikatsalira. Kanyama akhala pa mwala wa laimu wokhala ndi mapanga, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikagwa, cimbudzi ndi citsime zimwerana. Kolera anabuka mu October 2017, ndipo mu January 2018 sukulu zinacedwa kutsegulidwa. Mu 2024 zinayenera kutsegulidwa pa 8 January, koma zinatsegulidwa pa 12 February, pamene bwalo la National Heroes linasanduka cipatala. Masabata asanu amenewo anatayika m'dziko lonse, ndi kwa inu komwe. Ngalande yotsekeka ku Lusaka inakhoma citseko ca sukulu ya kumudzi.

Kwathu ku Chunga ndiko kuli dzala la mzinda. Zimene ataya ku Kabulonga ndi ku Soweto Market zidzera m'miseu yathu, ndipo ana ena asiya kope kukatola mabotolo ndi zitsulo zogulitsa. Pamene Boma linacotsa ndalama za sukulu mu 2022, ana anabwera ambiri ndithu, ndipo tinakondwera. Koma kalasi latsopano lifuna malo, ndipo m'komboni yothithikana malo sapezeka ngati sanasungidwe kale. Kalembera wa caka comweco anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Amene adula mapuloti lero ndiye alamula ngati mwana wa mawa adzapeza bwalo losewerapo, nyumba ya mabuku ndi njira youma yopitira ku sukulu.

Nanga ife ticite ciani? Ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, tiphunzitse ana za Khonsolo monga tiwaphunzitsa za mfumu ndi nduna zace: khansala ndani, msonkho upita kuti, ndipo dandaulo liperekedwa bwanji. Caciwiri, tilowe m'makomiti a citukuko a mawadi. Ndalama za CDF zinakwera mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuensi iri yonse, ndipo pogawa ndalama zimenezo payenera kumveka mau a munthu wodziwa kuti madesiki ndi angati ndi zimbudzi ndi zingati. Cacitatu, tiyang'anire malo a sukulu zathu. Katete ndi Petauke ali kukula, ndipo cimene cinacitika ku Kanyama cikhoza kucitika kumeneko. Funsani mfumu ndi Khonsolo kuti malire a sukulu alembedwe nyumba zisanayandikire.

Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, iri pafupi ndi Kalingalinga, kotero kuti mwana wa kumeneko aiona ndi maso masiku onse. Kuti akalowemo afunika inu ndi ine, koma afunikanso mpopi ndi ngalande. Tisaleke kunena zimenezi kwa amene asunga mzinda.