Ana awiri pa manda amodzi

Ena mwalowa muli m'basi kuchokera ku shifiti ya usiku, ena ku Johannesburg ndiwo zili pamoto. Ngati mawu akudukaduka lembani m'munsimo, anyamata akonza. Tsegulani Genesis 25, ndime 7 mpaka 11. Muwerenge nokha, ine ndingofotokoza.

Ndasankha ndimeyi chifukwa cha zimene zakhala zikuyenda pa gulu lathu la WhatsApp. Nkhondo ikabuka ku Middle East, ifenso timagawikana. Wina atumiza kanema wotukwana Asilamu, wina ayankha ndi wotukwana Ayuda, aliyense ndi vesi lake. Mawa lake yemweyo akukanyamula gogo pabedi mothandizana ndi mnzake wovala hijabu. Ndiye lero ndikufuna tipite kumanda.

Abrahamu wamwalira ali ndi zaka 175. Anamuika ndani? Baibulo latchula anthu awiri, Isake ndi Ismayeli. Tawerengetsani zaka. Ismayeli anabadwa bambo ake ali ndi zaka 86, Isake anabadwa ali ndi 100. Ndiye pa malirowo Ismayeli ndi nkhalamba ya zaka 89, Isake ali ndi 75. Ismayeli ameneyu ndi uja anachotsedwa pakhomo ali mnyamata, iye ndi mayi ake Hagara, atangopatsidwa mkate ndi thumba la madzi. Papita zaka ngati 70. Baibulo silinamutchulenso pakhomo pa bambo ake mpaka tsiku limeneli. Koma uthenga wa maliro unamupeza, ndipo anabwera. Sitikuuzidwa kuti anakambirana chiyani. Tikungouzidwa kuti anaika bambo awo limodzi.

Mandawo ndi phanga la Makipela. Mu Genesis 23 Sara atamwalira, Abrahamu analibe ngakhale pokumba dzenje, chifukwa anali mlendo m'dzikomo. Anagula munda ndi phanga kwa Efroni Mhiti pa masekeli 400 a siliva. Ife amene timasonkherana ndalama zotumizira thupi kumudzi, nkhani imeneyi sitifunika womasulira. Munthu amene Mulungu anamulonjeza dziko lonse, malo oyamba amene anakhala akeake anali manda.

Malowa alipo mpaka lero, mumzinda wa Hebroni, pa nkhani amati Hebron, makilomita ngati 30 kumwera kwa Yerusalemu, kumapiri a West Bank. Aluya amautcha al-Khalil, kutanthauza bwenzi, chifukwa m'Chisilamu Ibrahim ndi bwenzi la Mulungu. Yakobo 2:23 amamutchanso chimodzimodzi. Mpanda wamiyala ikuluikulu wozungulira phangalo ndi wa nthawi ya Herode, zaka 2,000 zapitazo, ndipo udakaima. Mkati mwake mwapemphera anthu a zipembedzo zonse zitatu. Panali tchalitchi, panakhala mzikiti, ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya anabwezeretsa tchalitchi, kenako mzikitinso. M'zaka za m'ma 1260 mfumu Baybars inaletsa Ayuda ndi Akhristu kulowamo, ndipo kwa zaka pafupifupi 700, mpaka 1967, Myuda ankathera pa sitepe yachisanu ndi chiwiri ya makwerero akunja.

Tsopano mvetserani zaka ziwiri izi, ndipo musasankhepo chimodzi. Mu 1929 gulu la Aluya linapha Ayuda 67 mu Hebroni. M'masiku omwewo Ayuda ena ambiri anapulumuka chifukwa Aluya oyandikana nawo anawabisa m'nyumba zawo. Mu 1994, pa 25 February, m'mwezi wa Ramadan, Myuda wina dzina lake Baruch Goldstein analowa m'nyumba ya mandayi ndi mfuti n'kupha Asilamu 29 akupemphera. Amene amatumiza makanema aja amadziwa chaka chimodzi chokha, chimene chikugwirizana ndi mbali yawo. Mkhristu azidziwa zonse ziwiri, azilira maliro onse awiri.

Chichokereni 1994 nyumbayo anaigawa pakati, mbali ina mzikiti, mbali ina sunagoge, makomo osiyana, asilikali pakhomo. Masiku 10 pa chaka Ayuda amapatsidwa nyumba yonse, masiku ena 10 Asilamu. Chiliza cha Isake ndi Rebeka chili ku mbali ya Asilamu, cha Yakobo ndi Leya ku mbali ya Ayuda. Cha Abrahamu chili pakati. Awa amachisuzumira pa zenera lawo, awo pa zenera lawo, ndipo pakati anaikapo galasi losalowa chipolopolo. Zimene anatha nkhalamba ziwiri zija popanda msilikali, zidzukulu zikuchita kudzera pagalasi.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti zipembedzozi ndi chimodzi. Asilamu ambiri amakhulupirira kuti mwana amene anatsala pang'ono kuperekedwa nsembe anali Ismail, ndiye chifukwa cha mbuzi zija zimaphedwa pa Eid ku Mangochi ndi ku Machinga. Amatinso Ibrahim ndi Ismail anamanga Kaaba ku Mecca. Ife ndi Ayuda timawerenga kuti anali Isake, pa phiri la Moriya. Pa za Yesu timasiyana ndi onse awiri, ndipo ine ndidzalalikira Yesu mpaka mpweya utatha. Pangano linadzera mwa Isake, inde. Koma Genesis 17:20 ilinso m'Baibulo lanu lomwelo. Mulungu anadalitsa Ismayeli, namulonjeza akalonga 12 ndi mtundu waukulu. Amene anamutchula dzina mwanayo ndi mngelo wa Yehova, ndipo dzinalo limatanthauza kuti Mulungu amamva. Inu mukamatemberera ana ake pa foni, mwatumidwa ndi ndani?

Komanso kwathu izi tinazidziwa kale. Ndani mwa inu alibe malume kapena mlamu Msilamu? Maliro akagwa pamudzi, amene amakumba manda safunsana za mpingo. Tabwera kunja kuno n'kuyamba kuphunzira chidani pa intaneti, cha anthu amene sitinawaonepo, pamene m'nyumba zimene timagwiramo ntchito tikusambitsa makolo a Ayuda ndi a Asilamu omwe, ndipo ana awo amatidalira.

Onani ndime 11 tisanapemphere. Maliro atatha, Isake anakakhala kuti? Ku Beere-lahai-roi. Bwererani ku Genesis 16. Chimenecho ndi chitsime chimene mngelo anapezapo Hagara atathawa nkhanza za Sara, ali ndi pakati pa Ismayeli. Isake, mwana wa Sara, anakamanga hema wake pa chitsime cha Hagara, ndipo madzi amene ankamwa anali a pamenepo.

Amene muli pa ntchito musatseke maso, yang'anirani odwala anu. Enafe tiweramitse mitu.