Muli chiyani m'botolomu? Tikambe za khungu ndi zikhadabo zathu

Tikudziwa kuti Loweruka ngati lero ena mukanakhala ku bridal shower, ena kochapa, ena ku saluni kwenikweniko. Tisanayambe, aliyense atambasule zala zake. Eya, tione. Ena tili ndi gel, ena matips, ena zikhadabo zobadwa nazo zimene tazilumaluma m'minibasi pobwera kuno. Palibe wolakwa apa. Sitinabwere kudzaletsana kutchena. Thupi ndi lathu, ndalama ndi yathu, ndipo mkazi akafuna kuwala asapemphe chilolezo kwa munthu.

Tabwerera funso limodzi limene ambirife timachita nalo manyazi: muli chiyani m'botolomu? Pa kaunjika timatembenuza diresi mkati ndi kunja kufuna pong'ambika. Tomato timamusankha mmodzimmodzi. Koma munthu akatipatsa kabotolo kopanda dzina, nkunena kuti "iyi ndi mix yanga, pakangotha masabata awiri mudzandithokoza," timalipira osafunsa kanthu, nkukapaka kumaso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ifeyo phulalo tikulidzola.

Tiyambe ndi khungu. Mtundu wathuwu umachokera ku melanin, ndipo melanin yemweyo amatiteteza ku dzuwa. Vuto lake ndi lakuti khungu lakuda likavulala pang'ono, kaya ndi chiphuphu, kaya kupsa, limasiya banga lakuda lomwe limatenga miyezi kuti lizimirire. Ambiri amene lero akuvutika ndi mafuta oyeretsa sanayambe ndi cholinga choyera ayi. Ankangofuna kuchotsa mabanga a ziphuphu ukwati wa mnzawo usanafike. Wogulitsa sananene kuti ndi bleach. Anati ndi toning, ndi glow. Ndiye tiloweze mayina atatu, chifukwa ndi amene amabisala kuseri kwa mawu okomawo.

Dzina loyamba ndi steroid. Pa chubu pamalembedwa clobetasol kapena betamethasone. Amenewa ndi mankhwala enieni, adokotala amawapereka pa matenda ena a khungu, kwa nthawi yochepa. Ukawadzola tsiku ndi tsiku khungu limayeradi msanga, nchifukwa chake amagulidwa. Koma pakapita miyezi khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, pamabwera mizere m'mikono ndi m'ntchafu yomwe sichoka, ziphuphu zimachuluka, zipere zimafalikira, bala limachedwa kupola. Mankhwalawa amalowanso m'magazi, ndipo angathe kukweza BP ndi shuga. Choipitsitsa nchakuti ukangosiya, nkhope imayabwa ndi kutentha, ndiye umathamangiranso kukagula ina. Wogulitsa wapeza kasitomala wa muyaya.

Lachiwiri ndi hydroquinone. Iyinso madokotala a khungu amaigwiritsa ntchito, koma kwa miyezi yowerengeka, akukuyang'anira. Ukaidzola kwa zaka imachita zosiyana ndi zomwe unaigulira: m'masaya ndi pachipumi mumabwera zigamba zakuda bii, zovuta kwambiri kuchiza. Matendawa dzina lake ndi ochronosis. Madokotala a ku South Africa anawafotokoza mu 1975 ataona amayi ambiri akuda akubwera nawo kuchipatala, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu otere mu 2015, Rwanda inayamba kuwachotsa m'mashopu mu 2018.

Lachitatu ndi mercury. Pa botolo angalembe calomel kapena mercurous chloride, koma nthawi zambiri salemba nkomwe. Mercury amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo. Amadutsa kufika kwa mwana ali m'mimba, amapezekanso mu mkaka wa m'mawere, ndipo amatsalira pa thaulo ndi pa pilo zimene tikugwiritsa ntchito ndi ana athu. Pali pangano la mayiko lotchedwa Minamata Convention, la mu 2013, lomwe linatenga dzina la tauni ya ku Japan kumene anthu ambiri anadwala ndi kufa ndi mercury. Mu 2023 mayiko a m'panganoli anagwirizana kuti zodzoladzola zonse zothiridwa mercury zithe pofika 2025. Pangano ndi pepala. Botolo likadali pa msika, ndipo amene angalikane ndi ife.

Pano tiime kaye, tinene zoona. Sitidzola zinthuzi chifukwa ndife opusa. Tinakula tikumva azakhali akunena kuti "mwanayu ndi wokongola koma wada." Tamva anyamata akutamanda yellow bone. Taona amene amaikidwa kutsogolo m'mavidiyo a nyimbo. Foni yathu yomwe ili ndi filter yotiyeretsa tisanaipemphe. Amayi athu anali ndi Ambi m'nthawi yawo, nkhaniyi si ya lero. Ndipo anthu omwewo amene amatamanda khungu loyera ndi amene amayamba kuseka: nkhope ya Fanta, miyendo ya Coke. Ife m'gulu lino nthabwala imeneyo tisiye. Mnzathu amene zala zada m'mfundo, masaya apsa, akufunika munthu womuperekeza kuchipatala. Tikamuseka amabisala, nkuwonjezera kirimu wina pamwamba.

Ngati muli pano ndipo mwazindikira kuti zimene mukudzola zili m'gulu limeneli, musachite mantha. Ngati ndi steroid ndipo mwadzola kwa miyezi, musasiye lero lomwe mwadzidzidzi. Tengani chubucho kapena botololo, pitani nalo kwa dokotala, akuuzeni mosiyira pang'onopang'ono. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli makiliniki a khungu. Muwauze zoona zonse, kuti mwadzola chiyani ndipo kwa nthawi yaitali bwanji. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, nenaninso zimenezo.

Nanga mabanga aja tizitani nawo? Zilipo zothandiza, kungoti sizithamanga. Sopo wosakalipa, mafuta ofewetsa khungu, ngakhale glycerine ndi Vaseline yemwe tinakula naye. Kenako sunscreen wa SPF 30 kapena kuposa, m'mawa uliwonse. Inde, ifenso akuda. Dzuwa ndi limene limadetsa banga lija, ndiye kuchiza banga osadziteteza ku dzuwa la Okutobala ndi kutunga madzi ndi dengu. Pa mabanga yang'anani niacinamide, azelaic acid kapena vitamin C. Pa ziphuphu pali salicylic acid ndi benzoyl peroxide. Zimenezi muzipatse miyezi iwiri kapena itatu musanaweruze. Retinol amathandizanso, koma woyembekezera asamugwiritse ntchito. Chilichonse chatsopano yesani kaye kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono, mudikire masiku awiri. Ndipo yambani chimodzi chimodzi, kuti chikakuwengani mudziwe cholakwa.

Ku saluni masiku ano kwabwera ma chemical peel, microneedling, ngakhale ma drip a glutathione. Peel ndi asidi amene amasupula khungu lapamwamba. M'manja mwa munthu wodziwa amathandiza, koma akakhala wamphamvu kwambiri pa khungu lakuda amawotcha, nkusiya banga loposa lomwe munabwera nalo. Funsani kuti ndi asidi wanji, wa maperesenti angati, ndipo wokupakaniyo anaphunzira kuti. Microneedling ndi singano, ndiye paketi itsegulidwe inu mukuona. Za drip, chilichonse cholowa mumtsempha ndi nkhani ya chipatala, ndipo palibe umboni wokwanira woti glutathione wobaya ndi wotetezeka poyeretsa khungu.

Tsopano tibwerere ku zala zija tinatambasula. Chikhadabo cha m'manja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi. Chikawonongeka chonse chimatenga miyezi pafupifupi 6 kuti chatsopano chikwane, cha kuphazi chaka kapena chaka ndi theka. Ndiye zimene zimachitika mu ola limodzi pa mpando uja timakhala nazo nthawi yaitali.

Kakhungu kam'munsi mwa chikhadabo, kamene ku saluni amati cuticle, ndi chitseko chotsekera tizilombo kunja. Akakadula mpaka magazi, chitseko chatseguka, chala chimatupa ndi kuchita mafinya. Apempheni kuti angokakankhira m'mbuyo pang'ono. Popala chikhadabo ndi kamakina kaja, mukamva kutentha kapena kuwawa, nenani pomwepo. Kuwawa si mbali ya kukongola. Gel akayamba kunyamuka musamusende ndi mano, chifukwa amachoka ndi chikhadabo chapamwamba. Achotsedwe ndi acetone, mphindi 10 mpaka 15. Mukaona pansi pa tip pasanduka pobiriwira, ndi mabakiteriya amene alowa ndi madzi. Musalole kuti amatepo ina. Chotsani, pakhale pouma, ndipo pakapanda kusintha pitani kuchipatala.

Gel ndi acrylic zili ndi mankhwala otchedwa acrylates. Akakhudza khungu asanaume bwino, thupi likhoza kuyamba kuwengedwa nawo: zala kuyabwa, kusweka, nthawi zina mpaka zikope kutupa. Mu 2018 bungwe la madokotala a khungu ku Britain, British Association of Dermatologists, linachenjeza kuti vutoli likukula. Likangoyamba silitha, ndipo mankhwala a mtundu womwewo amagwiritsidwanso ntchito pomata mano ndi pa maopareshoni ena a mafupa. Nchifukwa chake gel asamayenderere pa khungu, ndipo aume mokwanira mu nyale yoyenera. Palinso acrylic wotchipa wotchedwa MMA. Mumamudziwa ndi fungo lobaya m'mphuno, kulimba ngati mwala ndi kukana kusungunuka mu acetone. Mukagunda chitseko iye sathyoka, chimazuka ndi chikhadabo chanu.

Za zipangizo, tikumbukire ichi: kachilombo ka hepatitis B, matenda a chiwindi, kangathe kukhala ndi moyo pa chitsulo masiku 7 kapena kuposa, ngakhale magazi ake osaoneka. Kupukuta ndi kathonje ka spirit kamodzi sikokwanira. Funsani kuti zitsulo amazitsuka bwanji pakati pa kasitomala ndi kasitomala. Chophweka kwambiri ndi kukhala ndi kachikwama kanu: nail cutter, file ndi buffer zanuzanu. Lezala asayandikire chidendene chanu, makamaka ngati muli ndi shuga, chifukwa bala la kuphazi kwa wodwala shuga silichedwa kukula. Ndipo musamete miyendo tsiku lopita ku pedicure, timabala ta lezala ndi njira ya tizilombo ta m'beseni.

Chinanso, pakati pa seti ndi seti muziziona zikhadabo zanu zili zosapaka. Anthu akuda ambiri tili ndi timizere takuda m'zikhadabo ndipo si vuto. Koma mzere watsopano pa chikhadabo chimodzi, umene ukukula m'lifupi kapena kufalikira pa khungu, ukaonedwe ndi dokotala. Bob Marley anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36, ndi khansa ya khungu yotchedwa melanoma imene inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi. Polishi wosachoka chaka chonse angabise chinthu ngati chimenecho.

Tisaiwale amene amakhala mbali ina ya tebulo. Wotipanga zikhadabo ndi mtsikana mnzathu, ena muli pompano, ndipo lendi ndi fizi ya mng'ono wake zikuchokera pa mpando umenewo. Ife timapuma fungo lija ola limodzi, iye tsiku lonse, sabata yonse. Akufunika mawindo otsegula, magolovesi a nitrile ndi masiki ya fumbi. Nthawi zambiri mankhwala otchipa amagula chifukwa ife tanenerera mtengo mpaka pansi. Tikafuna ntchito yaukhondo tivomere kulipira mtengo wake. Ndipo kufunsa si kunyoza. Wodziwa ntchito yake amakondwa kukuonetsani botolo ndi potsukira zitsulo. Amene wakwiya chifukwa mwafunsa, wakuyankhani kale.

Tikapwetekedwa tisamangolira pa WhatsApp status. Jambulani chithunzi, sungani botolo ndi risiti. Nkhani za mankhwala ogulitsidwa mosayenera zili m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, za miyezo ya katundu ndi Malawi Bureau of Standards, ndipo madandaulo a ogula amalandiridwa ku Competition and Fair Trading Commission. Kupita wekha kumagwetsa ulesi, tikudziwa. Tizipita awiri kapena atatu.

Ntchito ya kunyumba nayi. Usiku uno aliyense atenge mabotolo ake onse, awatembenuze, awerenge kumbuyo. Fufuzani mayina atatu aja: clobetasol kapena betamethasone, hydroquinone, mercury. Lopanda mndandanda wa zomwe zilimo, lopanda dzina la wopanga, lopanda tsiku lothera ntchito, liikeni pambali. Limene simukulimvetsa lijambuleni, mubwere nalo tikakumananso, tidzawerengere limodzi. Mukayang'anenso pawindo la mng'ono wanu wa ku sekondale uja, mwachikondi, osati mwaupolisi.

Tisanatsegule mafunso, tiyeserere pompano kuti Loweruka likudzali pakamwa pasadzaume. Tembenukirani kwa amene mwakhala naye pafupi, mumuyang'ane m'maso ngati ndi wogulitsa uja, mumufunse mwaulemu koma mokweza: "Asisi, muli chiyani m'botolomu?" Eya, kachiwirinso, kumbuyoko sitinakumveni.

Amene ali ndi funso akweze dzanja, gel kapena wopanda gel.